Kope la Nyama Zamphamvu

Ndinafika ku Chipoka ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, patangopita miyezi yochepa dziko litavota koyamba pa zipani zambiri. Bambo anali kalaliki wa kunjanji, ndipo anawasamutsa kuchoka ku Limbe. Mayi anatsala komweko ndi alongo anga awiri. Anandiuza kuti mayi sakanapirira kutentha kwa kunyanja, koma ndinali wamkulu mokwanira kudziwa kuti kutentha sikuletsa munthu kulemba kalata. Nditayamba kudandaula m'sitima, bambo anangoti, "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi," n'kutembenukira kuwindo mpaka tinafika.

Anatipatsa nyumba ya malata ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni. Bambo ankachoka m'mawa, akaweruka n'kusamba, kudya, kenako n'kutsegula wailesi. Masiku amenewo pa wailesi pankamveka anthu akukangana ndi kudzudzula akuluakulu mopanda mantha, zinthu zimene kale munthu akanasowa nazo. Dziko lonse linali litatseguka pakamwa, koma m'nyumba mwathu tinkadya awiriwiri osamva china koma kutafuna. Sikuti bambo anali ankhanza ayi. Ankandichapira ngakhale yunifolomu. Kungoti mawu anawathera, ndipo ine sindinkadziwa powayambira.

Kusukulu nako kunali chimodzimodzi. Sukulu inali itangokhala yaulere, ndiye ana anadzaza mpaka ife tinkaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, bolodi atalikoleka pa msomali. M'kalasi mwathu munali ena omera kale ndevu, amene m'mawa ankayamba akakoka khoka asanabwere. Ine ndinkavala nsapato, sindinkadziwa kusambira, ndipo nsomba iliyonse ndinkaitcha chambo. Zimenezi zinali zokwanira. Anandipatsa dzina loti wa m'tauni, anandiseka sabata imodzi, kenako anandiiwala, ndipo kuiwalidwako kunandipweteka kuposa kusekedwa. Nthawi ya buleki ndinkakhala kuseri kwa ofesi ya ahedi, ndikuchita ngati ndili ndi ntchito yofunika kwambiri.

Ntchitoyo ndinabwera nayo kuchokera ku Limbe. M'sitolo ina kumeneko munali makina aatali ngati kabati, okhala ndi galasi la kanema, timitengo tiwiri togwedeza ndi mabatani. Ukaponyamo ndalama yachitsulo, pagalasipo pankatuluka anthu awiri omenyana. Asanayambe, wosewera aliyense ankasankha womenya wake, ndipo pansi pa chithunzi cha womenyayo pankaoneka timizere tosonyeza mphamvu zake ndi liwiro lake. Nkhondo ikayamba, pamwamba pa mutu wa aliyense pankakhala mzere wa moyo, wobiriwira, umene unkafupika akalandira chibakera. Mzerewo ukatha, munthuyo ankagwa. Kenako ankadzuka, mzere utadzazanso, n'kuyambiranso ngati palibe chachitika. Ine makinawo sindinawagwirepo ngakhale kamodzi. Ndinkangoonerera pakati pa mapewa a ana a anthu opeza bwino, koma malamulo ake ndinkawadziwa kuposa osewerawo.

Ndiye ku Chipoka ndinatenga kope limodzi mwa amene tinalandira kusukulu, n'kulemba mizere ndi lula. Nyama iliyonse inali ndi mzere wake, ndipo ndinkaipatsa malikisi pa zinthu zinayi: mphamvu, liwiro, chida ndi moyo, chilichonse pa khumi. Ndikaphatikiza, nyamayo inkalowa m'gulu lake. Pamwamba penipeni panali gulu la Mafumu, pansi pake Asilikali, kenako Anthu Wamba. Gulu lomaliza, kumene ndinkataya mbuzi, nkhuku, mbewa ndi zonse zobadwira kudyedwa, ndinalitcha Ndiwo. Mkango ndinauika poyamba, ngakhale ndinali nditangouona pa chithunzi cha m'buku la sayansi.

Tsiku lina ndikulemba, mthunzi unagwera pa kope langa. Anali mnyamata wa m'kalasi mwathu amene ankakhala kumbuyo, wondiposa ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, wowonda, wa mapazi ong'aluka. Bambo ake anali asodzi, banja lawo linali la Chisilamu, ndipo ankakhala m'mudzi wa kutsidya kwa njanji. Anawerenga mndandanda wanga mwakachetechete, akutsatira ndi chala, mpaka chalacho chinaima.

"Mvuu waiika pansi pa mkango?"

"Mkango ndi mfumu ya nyama zonse," ndinatero.

"Wakuuza ndani? Iwe mvuu unaionapo?"

"Pa chithunzi."

"Ndiye tamvera. Mvuu imadula bwato pakati, kuluma kamodzi kokha. Mkango wakowo ubwere kuno udzayese, tione ngati ubwerere kwawo."

Anakhala pansi osapemphedwa, n'kundilanda pensulo. Chifikireni ku Chipoka, aka kanali koyamba kuti munthu andifunse funso losachokera m'buku.

Kuyambira tsiku limenelo kopelo linakhala la anthu awiri. Iye ankadziwa nyama, ine ndinkadziwa malamulo. Anakweza chiuli kuchoka kwa Anthu Wamba kupita kwa Asilikali, akuti kanyama kameneko sikadziwa kuti mantha n'chiyani ndipo njuchi zimakaluma pachabe. Anandiuza za katumbu amene amang'amba ukonde n'kudya nsomba za eni, za nkhwazi yolanda zimene mbalame zinzake zagwira, za kampango ndi minga yake. Pa ng'ona tinakangana masiku awiri, chifukwa ine ndinaipatsa malikisi awiri okha pa liwiro. Anaseka mpaka kugwira pamimba. Anati ndikafuna kudziwa liwiro la ng'ona ndikachape malaya kumathiriro a mtsinje. Pomaliza tinagwirizana kuti ng'ona ikhale ndi malikisi a pamtunda ndi a m'madzi, ndipo inakwera n'kukhala yachiwiri kwa mvuu. Njovu tinaiiwala mpaka kumapeto kwa sabata.

Linthumbu nalo linativutitsa. Iye ankati lilowe kwa Mafumu, chifukwa likalowa m'nyumba aliyense amatuluka, ngakhale njoka. Ine ndinakana. Ndinati pa makina womenya amalowa yekha, ndiye titenge nyerere imodzi tiipatse malikisi ake. Anandiyang'ana ngati ndanena zamisala. "Nyerere imodzi unaionapo ikuyenda yokha iwe? Imeneyo ndiye kuti yasochera." Ndinaumirirabe, ndipo linthumbu linatsikira ku Ndiwo, ngakhale palibe amene amalidya.

Za makina aja ankafunsa kawirikawiri. Kanema wamba yemwe anali atangomuonera kangapo, ndiye ndinkamufotokozera ndikujambula pamchenga. Ndinamuuza kuti ndinkasewera tsiku lililonse, ndipo ku Limbe konse kunalibe wondigonjetsa.

"Wallahi?"

"Zoona, aise. Ukadzapita ukafunse."

Anakhulupirira. Bodzalo silinandivutitse ngakhale pang'ono, chifukwa linali chinthu chokhacho chimene ndinali nacho choti iye asirire.

Posakhalitsa manambala okha anasiya kutikwanira. Tinapeza chitini chachikulu cha mafuta ophikira, n'kuchidula pamwamba kuti chikhale bwalo. Tinkaikamo chiswamphika ndi nkhululu, chinkhanira ndi nankalizi, kangaude ndi mavu othothoka mapiko. Malamulo ndinkapereka ndine, ndikunena kuti ndi mmene makina amachitira. Loyamba, nyama sikwera gulu popanda nkhondo imene tonse awiri taiona ndi maso. Lachiwiri, m'bwalo mulibe kuthawa, chifukwa pagalasi lija womenya akafika kumapeto sapitirira. Lachitatu, wina akagwa timawerenga mpaka teni, ndipo tisanamalize kuwerenga palibe wolowetsa dzanja. Lamulo lachitatuli ndinalitenga ku nkhonya za pa wailesi, osati ku makina, koma iye akanadziwa bwanji?

Miyezi imeneyo ndiyo yokha imene ndinakhala ngati mwana wamba ku Chipoka. Anandiphunzitsa kusambira masana dzuwa likuswa mtengo, akundigwira pachibwano m'madzi ofika m'chiuno. Anandiphunzitsa kusiyanitsa utaka, mcheni ndi kambuzi. Kwawo amayi ake ankandipatsa chinangwa chootcha ndi usipa wa pathandala loyanikira nsomba, osandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Lachisanu akapita kumzikiti, ine ndinkamudikira pa njanji, kope lili pamwendo. Anyamata ena ankamuitanira ku mpira, ndipo nthawi zonse akatembenuka kuwayang'ana, ine ndinkatsegula kope msanga. Iye anali ndi anzake mudzi wonse. Ine ndinali ndi iye yekha, ndipo ndinkaopa tsiku limene adzatope ndi kope langa. Mantha amenewo anandisandutsa wouma mtima pa malamulo. Ndinkaganiza kuti ndikangofewa pang'ono, aona kuti masewerawa angathe kuwasewera popanda ine.

Mnzangayo anali ndi thadzi lamawangamawanga. Amalume ake anam'patsa likadali msoti pamene anatuluka ku jando, ndipo linali chinthu choyamba pa moyo wake chimene ankati changa popanda wina kutsutsa. Ankalifukulira chiswe, ankalibisira madeya, ankalilankhula ngati munthu. Akabwera kuchokera kusukulu linkamuthamangira. Mapulani ake anali aatali: thadzi liswe anapiye, anapiye akule awasinthanitse ndi mbuzi, mbuzi zikaswana bambo ake aone kuti si mwana aliyense ayenera kukalambira pa bwato. Nthawi imene ndikunenayi linali litaswa anapiye asanu ndi awiri.

Tsiku lina tikuwerenga mndandanda pakhonde pawo, anaika chala pa gulu lomaliza.

"Nkhuku ichoke ku Ndiwo."

"Nkhuku ndi ndiwo, aise. Funsa aliyense."

"Tambala kaya, koma thadzi la anapiye ayi. Dzana ng'azi inabwera kuseri uko kufuna anapiye. Ili linaithamangitsa mpaka kubango. Ndinaona ndi maso angawa."

Ng'azi, chibuluzi chija cha m'mphepete mwa madzi chokuba mazira, tinali titaiika kwa Asilikali, ndipo anaiikako ndi iye yemwe.

"Ine sindinaone," ndinatero. "Lamulo loyamba."

"Ndiye ukuti ndikunama?"

"Ndikuti kope silimva za m'maluwa. Likufuna nkhondo."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana thadzi lake likupalasa pansi pa thandala. Ndikanatha kungofufuta mawu amodzi ndi labala, nkhani n'kutha. Koma anyamata a mpira anali akuimba mluzu kumsewu, ndipo ine ndinkafuna chinthu chachikulu choti chimugwire Loweruka lonse.

"Ukuopa," ndinatero. "Ukudziwa kuti m'bwalo lidyedwa."

"Loweruka," anayankha.

Ng'azi anaikola yekha kubango, ndi msampha wa chingwe ndi matumbo a nsomba. Zinamutengera masiku awiri, poti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iye kudekha anali nako. Bwalo ndinapeza ndine. Kuseri kwa mashedi a njanji kunali thanki yakale ya simenti, ya makona anayi, youma, yopanda chivundikiro, yofika m'chifuwa mwanga. M'kati munali masamba ouma ndi fumbi. Makoma ake anali osalala moti ngakhale buluzi sakanakwera msanga.

Loweruka cha m'ma teni koloko m'mawa tinafika, iye atasenza thumba lolemera lomwe linkagwedezeka, ine nditanyamula dengu la thadzi ndi anapiye ake. Kwawo anangonena kuti tikupita nalo kukadya chiswe. Atasuzumira m'thankimo anaima kaye.

"Koma muno mulibe potulukira."

"N'chifukwa chake ndi bwalo."

"Ng'azi ikaopa imathawa. Muno ithawira kuti?"

"Pa makina palibe kuthawa."

"Ndiye anapiye asalowe."

"Iwe wekha unati ndi thadzi la anapiye. Lopanda anapiye ndi ndiwo basi."

Ndinali ndi yankho pa chilichonse, ndipo lero ndikakumbukira ndimadana nako kuchenjera kumeneko. Mnzanga anali atandiuza zoona zonse m'mawu ochepa. Pabwalo la kwawo thadzi linkapambana chifukwa ng'azi inali ndi kopita. Ine ndinamva, koma ndinali nditalemba kale mayina awiri pamwamba pa tsamba latsopano, mizere iwiri ya moyo nditaipaka ndi pensulo mpaka kudzaza.

Anatsitsa thadzi ndi anapiye mosamala, kenako tinakhuthulira thumba mbali inayo. Ng'azi inagwa n'kuyamba kuzungulira khoma, ikukanda ndi zikhadabo, ikufuna kukwera n'kumagweranso. Thadzi linatukumula nthenga, kutsitsa mapiko, anapiye n'kubisala kumbuyo kwake. Kenako linalumpha. Linajompha ng'azi pamutu, kawiri, katatu, likumenya ndi mapiko, fumbi lili koboo. Ng'azi inabwerera m'mbuyo mpaka pangodya. Mnzanga anakuwa, "Waona? Waona wa m'tauni iwe?" Anandimenya pamsana ndi chisangalalo, ndipo ine ndinafufutako chidutswa cha mzere wa ng'azi. Pamenepo tikanatha kusiya. Iye anati, "Basi, lapambana, titulutse." Ine ndinati palibe wagwa.

Pangodyapo ng'azi inafufuma pakhosi, ikutulutsa mpweya ngati tayala lobooka. Thadzi litabweranso, mchira unakwapula, phwa! Mwanapiye mmodzi anagubuduka n'kukhala phee. Thadzi linadzandira, ndipo lisanaime bwino ng'azi inaliluma pakhosi n'kulipanikiza pansi. Sinaligwedeze. Inangogwira, maso ali tong'o.

Mnzanga anaika mwendo pakhoma kuti alowe. Ndinamugwira malaya ndi manja awiri.

"Lamulo! Tiwerenge kaye! Wani! Thuu!"

"Ndisiye!"

"Fili! Folo!"

"Ndisiye iwe, lifa losazinga!"

Sindinamvetse zimene ankatanthauza, ndipo sindinafune kumvetsa. M'mutu mwanga munali galasi lija la ku Limbe, mmene wogwa amatha kudzuka mzere utatsala kadontho, n'kupambana anthu onse akuomba m'manja. Ndinkafunitsitsa kuti thadzilo lidzuke lokha. Ndikunena zoona, ndinkalifunira zabwino. Ndinakakamira malayawo ndikuwerenga mokweza, mapiko akuphupha pansi pathu, mpaka pa eyiti malaya anang'ambika ndipo ndinagwa chagada nditagwira nsanza.

Podzuka ndinapeza ali m'thanki, akumenya ng'azi ndi chidutswa cha thabwa mpaka inalavula. Anaigwira kumchira n'kuiponyera kunja, ndipo inathawira m'tchire osacheuka. Kenako anagwada n'kutulutsa kampeni kake kotumbulira nsomba. Pachipembedzo chawo nyama imadyedwa pokhapo yazingidwa ikadali ndi moyo, wozingayo akutchula dzina la Mulungu, ndipo iye, poti anali atavinidwa, akanatha kuzinga yekha. Ataona kuti kulipulumutsa sikutheka, chimene ankathamangira chinali chimenecho, kuti thadzi lake lisathere pachabe, amayi ake ndi ang'ono ake adyeko. Analigoneka, kampeni kali m'manja, n'kulitsina chala cha phazi. Analiuzira mpweya pamutu. Anadikira. Thadzi silinaphethire.

"Lafa lokha," anatero, osandiyang'ana. "Ndi haramu, silidyedwa."

Anapiye awiri anali atafa, wina ndi mchira uja, wina wopondedwa. Asanu otsalawo anawatola mmodzimmodzi n'kuwaika m'dengu. Sanalire, sananditukwane. Ndikanakonda akanandimenya, chifukwa chibakera ndikanadziwa chochita nacho. Ndinaima ndi nsanza ya malaya ake m'manja, ndikusakasaka mawu, ndipo amene ndinapeza anali awa: "Ndilikweza kwa Asilikali. Lamenya bwino." Anatuluka m'thanki, anasenza dengu, n'kuyamba kupita.

"Nanga ili?" ndinafunsa, ndikuloza thadzi.

"Likwirire," anatero, ndipo anawoloka njanji.

Sindinalikwirire. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali mpaka ntchentche zinayamba kubwera. Kwathu ku Limbe nkhuku inali ya pa Khirisimasi ndi ya alendo, ndipo kukwirira nkhuku yonona chonchija ndinkaona ngati misala. Ndinadziuza kuti haramu ndi ya iwowo, ife Akhristu sitisala. Ndinadziuzanso kuti sadziwa. Ndinalikulunga m'thumba lija la ng'azi n'kupita nalo kunyumba. Bambo ndinawauza kuti lagundidwa ndi njinga, ndipo mnzanga wandipatsa chifukwa kwawo sangadye.

Anasosola okha, anaphika okha, ndi tomato ndi anyezi. Ndipo tsiku limenelo, pa chifukwa chimene sindichidziwa mpaka lero, titakhala pa chakudya anayamba kulankhula. Ananena za nkhuku za kwawo ku Mulanje ali mwana, za mmene anabera dzira n'kuliika m'thumba la kabudula, kenako azakhali awo n'kuwauza kuti akhale pansi. Anaseka mpaka kutsokomola. Anandipatsa nthutumba, chiwalo chimene chibadwire changa chinali chawo. Kenako anati, "Mnzako ameneyu ndi munthu. Usamutaye, anthu otere ndi osowa. Ubwere naye tsiku lina adzadye kuno." Ndinali nditadikira miyezi yonseyo kuti bambo alankhule nane chonchi. Ndinadya, ndinawonjezera, ndinatafuna ndi mafupa omwe.

Nthenga tinazitaya kudzala la kuseri kwa nyumba, pafupi ndi kanjira kamene ana a kutsidya kwa njanji ankadutsa popita kusukulu. Sindinaganizeko n'komwe.

Lamulungu lonse ndinakhala ndikukonza zonena. Ndinkayeserera pamtima ndili m'tchalitchi, ndinkayeserera ndikutsuka mbale. Ndinaganiza zomuuza kuti za makina zija ndinkanama, kuti sindinasewerepo, kuti lamulo lowerenga mpaka teni ndinangolipeka. Ndinaganiza zomupatsa kope lonselo kuti malamulo azipereka ndi iye. Ndinafufuta mvuu pamwamba pa gulu la Mafumu n'kulembapo thadzi ndi zilembo zikuluzikulu. M'nzeru zanga zachibwana ndinkaona ngati zimenezi ndi zambiri ndithu.

Lolemba pa buleki ndinamudikira kuseri kwa ofesi ya ahedi. Anabweradi, atavala malaya a mkulu wake ofika m'mawondo. M'dzanja anali atagwira nthenga imodzi yamawangamawanga. Ndinatsegula kope kuti aone, koma sanaliyang'ane.

"Unadya?"

Ndinafuna kunama. Ndinali nditamunamiza zambiri mosavuta, koma apa lilime linakana.

"Eya."

"Ndi bambo ako?"

"Eya."

Anapotokola nthenga ija pakati pa zala. Sanaoneke wokwiya. Anafunsa ngati munthu wofunadi kudziwa.

"Linali lokoma?"

Ndinangotseka kope lija. Anadikira pang'ono, anagwedeza mutu, n'kupita kumpira.

Sanandide poyera. Tikakumana ankandipatsa moni ngati mmene ankapatsira aliyense, n'kupitirira. Anapiye opanda mayi sakhalitsa, ndipo ndinamva kwa ana ena kuti mphamba ndi chisanu zinawamaliza m'masabata awiri. Mvula itatha, chilumba cha Mbenji chitatsegulidwa kuti asodzi ayambe ntchito, anapita ndi bambo ake kukathandiza pa bwato, ndipo kusukulu sanabwererenso. Ine ndinakhala ku Chipoka zaka zina ziwiri. Bambo ankandifunsa kuti mnzako wa nkhuku uja abwera liti kudzadya, ine n'kumati sabata yamawa, mpaka anasiya kufunsa.

Linali lokoma. Yankho limenelo ndinali nalo tsiku lomwelo, iye ataima patsogolo panga akudikira, ndipo ndakhala nalo ndekha mpaka lero.